Mulibe nthawi yophunzira gitala? Mphindi 15 patsiku zikukwanirani

Muli bwanji abale anga a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje! Vidiyo ya lero ndi ya inu amene munagula gitala ndi mtima wonse, koma pano ili pamwamba pa kabati, fumbi lili mbuu. Onerani mpaka kumapeto, chifukwa ndikuonetsani mmene sokosi imodzi ingakuthandizireni kuimba usiku mwana osadzuka.

Zoyambirira tidutsepo msanga. Chunani gitala nthawi zonse musanayambe: kuchokera pa waya wonenepa kutsika m'munsi ndi E, A, D, G, B, E, ndipo pulogalamu yochunira ya pafoni imapezeka yaulere. Wengani zikhadabo za dzanja lokanikiza mawaya. Ma chord (mawu a mawaya angapo olira pamodzi) oyambira ndi G, C ndi D. Basi.

Tsopano bodza limene limandipweteka mtima: "Ndidzakhalira pansi Lamlungu, maola atatu osadukiza." Ayi, bambo! Ayi, mayi! Bodza limeneli lagoneka magitala ambiri kuposa chiswe.

Taonani zala zanu. Waya wachitsulo amadya khungu la kunsonga kwa chala. Kuti khungulo likhwime pamafunika milungu iwiri mpaka inayi mukukanikiza pang'onopang'ono tsiku lililonse. Mukaimba maola atatu kamodzi pamlungu, mumatuluka matuza, matuzawo amaphulika, mumakhala masiku osagwira gitala, khungu limafewanso, ndipo Lamlungu lotsatira mwabwerera pomwe munayambira. Chaka chimatha choncho.

Ndiye pali mutu. Zimene dzanja laphunzira masana zimakhazikika bwino munthu akagona. Woimba mphindi 15 masiku 6 wagonera phunziro lake kasanu ndi kamodzi, pomwe wa Lamlungu wagonera kamodzi. Werengani nokha: 15 kuchulukitsa ka 6 ndi mphindi 90 zokha, theka la maola atatu aja, koma pakatha mwezi amene akusintha chord mosadodoma ndi wa mphindi 15 uja. Komanso dzanja likatopa, pakadutsa theka la ola kwa wongoyamba kumene, chala chimayamba kugona pa waya woyandikana nawo, mawu n'kumamveka "bzzz", inu n'kumabwereza cholakwikacho mpaka dzanja litachiloweza.

Nanga Lamlungu lopanda zochita munaliona liti kwathu kuno? M'mawa kutchalitchi, masana alamu abwera, mwina kwagwa zovuta m'mudzi, madzulo mbuzi zalowa kudimba. Lembani m'munsimu chimene chinakudyerani Lamlungu lapitali, ndiziwerenga zonse. Ndipo ngati simunadine batani la subscribe, dinani panopa, kabelu kaja musakaiwale.

Tiyeni ku ndondomeko.

Choyamba, gitala ituluke m'chikwama. Ikolekeni pakhoma pamene mumadutsa, ana aang'ono asafikire. Koma chenjerani, kuno n'kuchigwa: mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pafupi ndi malata kumaposa pamenepo. Guluu wogwira bridge, kathabwa komangirira mawaya pamimba pa gitala, amafewa ndi kutentha, mawaya n'kuyamba kukazula. Muikoleke motalikirana ndi malata, pakhoma lam'kati losaombedwa ndi dzuwa, kutali ndi mbaula. M'galimoto yotseka magalasi musaisiye ngakhale ola limodzi.

Chachiwiri, musasake nthawi yatsopano, imangirireni pa chinthu chimene mumachita kale. Wogwira ntchito ya mashifiti kuminda ya nzimbe ku Nchalo asanene kuti "6 koloko", chifukwa shifiti ikasintha, 6 kolokoyo yapita nayo. Anene kuti "ndikangosamba pochokera kuntchito". Wolawirira kudimba kapena kumunda wa thonje, dzuwa likamubweza cha m'ma 10, nthawi yopumira pansi pa mtengo ija ndi yomweyo. Mayi, madzi a nsima asanawire pali mphindi zingapo zanuzanu.

Chachitatu, gawani mphindi 15 zija motere. Ziwiri kuchuna ndi kutenthetsa zala: chala chimodzi pa fret imodzi (ma fret ndi tizitsulo topingasa pakhosi pa gitala), 1, 2, 3, 4, waya uliwonse. Zisanu kusintha ma chord: tcherani wotchi ya pafoni pa mphindi imodzi, sinthani G kupita ku C, C kubwerera ku G, muwerenge mwasintha kangati, mulembe kumbuyo kwa kalendala. Wongoyamba akhoza kukwanitsa 10 yokha, palibe vuto. Mukafika 30 mawu ali oyera, tengani awiri ena. Zisanu zina dzanja lomenya mawaya, ndi metronome (kachipangizo kogunda kosunga liwiro la nyimbo) kakugunda ka 60 pa mphindi, phazi likugunda pansi. Musathamange! Mukaphonya kawiri motsatizana, bwezani liwiro pa 50. Zitatu zomaliza imbani nyimbo imene mumaikonda, ngakhale ndime imodzi ya kukwaya.

Chachinayi, pukutani mawaya ndi kansalu kouma mukamaliza. Thukuta lathu la kuno limachititsa dzimbiri msanga.

Pano ndionjezepo za zala zopweteka kwambiri. Yezani mpata pakati pa waya wonenepa ndi fret ya 12, uyenera kukhala pafupifupi mamilimita awiri ndi theka. Ngati wadutsa anayi, vuto si zala zanu, pitani nayo kwa wodziwa akatsitse. Pogula mawaya, onani nambala ya kunenepa kwake: a 10 ndi ofewa kuposa a 12. Vidiyo yosintha mawaya ili pamwamba apa, dinani mukamaliza ino.

Chachisanu, sokosi ija. Ipindeni kawiri, muilowetse pansi pa mawaya pafupi ndi bridge. Mawu amatsika n'kukhala "thu, thu, thu", koma mayendedwe a dzanja ndi kugunda kwa nyimbo mumazimva bwinobwino. Magetsi akazima, imbani mumdima momwemo, zala ziphunzire kupeza malo popanda maso.

Koma sokosi siilowa m'malo mwa kukambirana. Auzeni mayi a kunyumba kapena bambo a kunyumba kuti mukupempha mphindi 15, ndipo wotchi ikalira, ikani gitala pansi ndithu, mukanyamule mwana. Mukaonjezera ola, mawa gitalayo ayamba kuiona ngati mkazi mnzawo. Mwana wamkuluko mpatseni foni kuti aziwerenga kusintha kwa ma chord, mudzaona akukukumbutsani yekha.

Sabata yamawa tili pa chord ya F, ija imathawitsa anthu ambiri. Tumizirani vidiyoyi mnzanu wa kukwaya pa WhatsApp, ndipo mubwere ndi nambala yanu ya G kupita ku C.