Mada, fulashi yakoyo usaipange format

Mada, waswera bwanji kumeneko? Voice yako yoti machaputala a kafukufuku wako wa kusukulu asowa pa fulashi ndaimvera kawiri, ndipo mtima wangoti phwii. Chaputala 2 ndi chaputala 3, zonse pa fulashi imodzi? Fulashi yomwe umayenda nayo m'thumba la jinzi limodzi ndi makiyi? Iwe mwana iwe. Chabwino, zachitika kale, tamvera.

Kompyuta ikakufunsa zoti format, udine Cancel. Usayerekeze. Vairasi ya m'malo osindikizira mapepala nthawi zambiri simafufuta, imangobisa mafayilo n'kukusiyira timashotikati topanda ntchito. Upite nayo kwa anyamata a ICT kusukuluko, uwauze ayang'ane ma hidden files. Ndipo usaikemo chilichonse chatsopano asanaione, chifukwa zatsopanozo zimakhala pamwamba pa zakale, kenako kubweza kumavuta.

Komanso chaputala 2 sunatumizepo kwa supervisor? Tsegula Gmail, ulowe mu Sent, chikhoza kukhala chili phee momwemo. Inenso ndikukumbuka unanditumizira kena kake pa WhatsApp kuti ndikukonzere chizungu. Ndifufuza usiku uno, kaya ndi chakale koma bola kusiyana n'kuyambira pa ziro.

Tsopano kuyambira lero. Gmail uli nayo, ndiye kuti Google Drive uli nayo kale, 15 GB yaulere. Koma 15 GB imeneyo imagawana ndi maimelo ndi Google Photos, ndiye mavidiyo a chinkhoswe cha msuweni wako aja achoke. Madzulo alionse ukamaliza kulemba, ponya fayilo mu Drive. Fayilo ya Word ndi kanthu kakang'ono, sikudya bandulo ngati TikTok yakoyo. Dzina la fayilo uziikapo deti, osati zija za final, final2, finalyeniyeni. Ukamalembera mu Google Docs ndiye bwino kwambiri, pali Version history, umatha kubwerera pa zomwe unalemba Lachiwiri lapita ngakhale utafufuta tsamba lonse mwangozi.

Iii, kunja kwada kale, koma ndi hafu 3 masana. Norway nyengo ino ndi chilango, ndikukuuza. Dzulo ndinaphika nsima ndi ufa wa m'shopu ya anthu a ku West Africa, yangokhala ngati phala louma. Kwanuko mango avuta pa msika wa Mitundu, eti? Amayi anditumizira chithunzi cha mtengo wa kuseri kwa bafa uja, ndinatsala pang'ono kulira m'basi.

Ndimati chiyani? Eya, ma reference. Wati unkawalemba pamanja, limodzilimodzi, ndipo apita limodzi ndi fulashi. Ika Zotero pa laputopu, ndi pulogalamu yaulere yosunga ma reference. Ili ndi kabatani kamene kamakhala pa Chrome, ukatsegula pepala pa intaneti ungodina, imatenga yokha dzina la wolemba, chaka, mutu ndi journal. Mu Word imadziikanso yokha, ukafuna kutchula munthu umangosaka dzina, mndandanda wa kumapeto imakulembera. Ine yanga ili ndi mapepala opitirira 200, ndipo tsiku lina supervisor wanga anangoti sintha kalembedwe ka ma reference kuchoka ku APA kupita ku Harvard. Mnzanga wa ku Ghana anachezera nazo usiku wonse, ine ndisanamalize n'komwe kapu ya tiyi zinali zitatheka. Koma utsegule akaunti kuti izichita sync, izisunganso zonse pa intaneti, apo ayi laputopu ikafa tidzaliranso maliro omwewa.

Mapepala uzisaka pa Google Scholar. Kumanja kukaoneka PDF, tenga. Kukapanda, dina pomwe alemba kuti All versions, nthawi zina wolemba anaika lake kwina kwaulere. Akakuuza kuti ulipire madola, tseka, usandiimbire foni kuti achemwali tumizani. Pita ku laibulale ukafunse za AGORA. Imeneyi ndi webusaiti ya FAO, bungwe la UN loona za chakudya ndi ulimi, ili pansi pa pulogalamu ya Research4Life, ndipo Malawi ili m'gulu la mayiko omwe masukulu ake olembetsa amawerenga ma journal a zaulimi osalipira. Pasiwedi amakhala nayo a laibulale, kungoti ana asukulu simufunsa.

Ndipo ndakumva ukuti mnzako wakuuza kuti ChatGPT ikhoza kukulemberanso chaputala 2 usiku umodzi. Mada, ayi. Chinthu chimenecho chimatha kupeka ma reference, dzina looneka bwinobwino, chaka, tsamba, koma pepalalo kulibe padziko pano. Ukafika pa defence akufunsa kuti munthu ameneyu unamuwerenga kuti, uziti chiyani? Kuifunsa kuti ikufotokozere regression pamene sunamve m'kalasi, palibe vuto. Koma reference iliyonse uione ndi maso ako pa Scholar. Zokopera kwa anzako a chaka chatha nazonso iwalako, Turnitin, pulogalamu yogwira okopera, imafananiza ndi zomwe ena anapereka kale.

Dikira, dikira. Data ya alimi ija, mafunso unkazungulira nawo m'midzi ya ku Mitundu pa kabaza, inali pa fulashi yomweyo? Unagwiritsa ntchito KoboCollect, app ya pa foni yotolera mayankho ija, si choncho? Tsegula pa foni pompano, uone pa Ready to send ngati pali nambala. Ngati ilipo, mafomu amenewo akadali m'foni mokha, sanapite pa seva. Foniyo ikagwera m'ndowa, basi miyezi iwiri yapita. Upeze netiweki yabwino uwatumize, kenako ulowe pa KoboToolbox, webusaiti yomwe mafomuwo amafikira, pa laputopu, utsitse ya Excel, uiponye mu Drive. Ichi uyambe nacho, za fulashi zibwere pambuyo.

Ndalama ya bandulo ndatumiza kwa amayi pa Mukuru, auze akupatse, ndipo ndi ya bandulo, osati ya kubetcha mpira. Uwauzenso kuti mankhwala a BP asadumphitse. Basi yanga ikubwera iyo. Ukatumiza mafomuwo undijambulire screenshot ndione kuti pa Ready to send palibe chatsala.