Kupha tizilombo ndi uthenga wabodza

[Pa sikirini: mphemvu ikuthamanga]

Mphemvu 125,000. Zonsezo anazipera asayansi awiri a ku Canada, Brian Brown ndi Alvin Starratt, kuti apezemo kachinthu kamodzi komwe anakatcha proctolin mu 1975. N'kochepetsetsa: ma amino acid (tizidutswa topanga mapuloteni) asanu basi, otungidwa ngati mikanda. Koma kakangofika pa matumbo a mphemvu, minofu imayamba kukokana.

Tinthu totere timatchedwa ma neuropeptide. Ndi timauthenga tomwe mitsempha ya kachilombo imatumiza m'thupi monse: "taya madzi", "fundula", "leka kudya". Ndiye taganizani, bwanji titapanga uthenga wabodza wofanana ndi weniweniwo, thupi la kachilombo n'kuumvera?

Kunena n'kosavuta. M'thupi mwa kachilombo muli ma enzyme omwe amaduladula timauthengati tisanakhalitse, ndipo khungu lake lili ndi phula lomwe sililola kuti tilowe. Ukapopera neuropeptide mmene ilili, wangotaya nthawi.

[Pa sikirini: mkanda umodzi ukusinthidwa]

Apa m'pamene Ronald Nachman, wa ku unduna wa zaulimi wa United States ku Texas, anachenjera. Pamalo pomwe enzyme imadulira, anaikapo amino acid yachilendo yotchedwa Aib. Enzyme ikabwera, imalephera kudula, uthenga umangolirabe kwa nthawi yaitali. Nsabwe za m'mbewu zitadyetsedwa ma kinin (mtundu wina wa ma neuropeptide) osinthidwa chonchi, zinaleka kuyamwa, n'kufa.

Koma nkhani yomwe imandisangalatsa ine ndi iyi. Mbozi ya Helicoverpa zea, yomwe imaononga chimanga ndi thonje ku America, imalowa m'nthaka n'kugona tulo tatitali kuti ipulumuke chisanu. Mu 2011, Nachman ndi anzake anaonetsa kuti uthenga wabodza ungaidzutse nthawi isanakwane, kapena kuiletsa kugona kumene. Idzuke pakati pa chisanu, chakudya kulibe. Palibe poizoni, yangonamizidwa.

Nanga njuchi, sizingafe nazo? Chiyembekezo chagona pamenepo. Malo olandirira uthenga amasiyana pakati pa mitundu ya tizilombo, choncho n'zotheka kupanga uthenga womveka kwa nsabwe koma osati kwa njuchi. N'zotheka, sindinati n'zachidziwikire, chifukwa mauthenga ena amafanana m'tizilombo tambiri, ndipo aliwonse ayenera kuyesedwa paokha.

Zambiri mwa izi zachitikira mu labotale. Kumunda kuli dzuwa ndi mvula, ndipo kupanga mauthenga abodzawa okwanira hekitala yonse n'kokwera mtengo.