Mawu a m'mawa: njoka yamkuwa ija

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? M'mawa uno titsegule 2 Mafumu 18:4.

Hezekiya, mfumu ya Yuda imene inalowa ufumu ili ndi zaka 25, anagwetsa malo opembedzerapo mafano, ndipo anaphwanyanso njoka yamkuwa imene Mose anapanga. Vesi limeneli linandizunguza mutu kwa nthawi yaitali. Njokayo sinali fano la anthu akunja ayi. Mulungu mwini ndiye anauza Mose kuti aipange ndi kuipachika pamtengo, ndipo aliyense wolumidwa ndi njoka m'chipululu muja akangoiyang'ana ankakhala ndi moyo (Numeri 21:8-9). Koma patadutsa zaka mazanamazana, Aisraeli anayamba kuifukizira lubani. Anaiwala amene anachiritsa makolo awo, n'kukakamira mkuwa.

Mpingo ndi mphatso yotero. Ndimaukonda ndi mtima wonse, chifukwa ndi mmene ndinamvera Uthenga Wabwino, ndi mmene ndinabatizidwira. Komabe n'zotheka kuufukizira lubani osadziwa n'komwe.

Ine zinandionekera. Mumpingo mwathu munabuka mkangano pa ndalama zomangira tchalitchi. Akuluakulu amene ndinkawapatsa ulemu kuyambira ndili mwana analozana zala pamaso pathu, ena n'kunyamuka mapemphero ali mkati. Nditafika kunyumba ndinaika Baibulo pamwamba pa kabati, ndipo linakhala pomwepo miyezi itatu mpaka linachita fumbi. Kugwada ndinasiya. Usiku wina tulo titandisowa, funso linandilasa mumtima: kodi Mulungu wakulakwira chiyani? Ondikhumudwitsa anali anthu, koma amene ndinaleka kulankhula naye ndi Mulungu. Ndinalira, pozindikira kuti zaka zonsezi chikhulupiriro changa ndinachitsamiritsa pa makoma ndi pa maudindo a anthu.

Vutoli ndi lakale. M'masiku a Yeremiya anthu ankabwereza katatu konse kuti uyu ndi Kachisi wa Yehova (Yeremiya 7:4), poganiza kuti nyumbayo iwatchinjiriza ngakhale ankapondereza alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye. Mulungu anawauza kuti apite ku Silo akaone zimene anachita ndi malo amene dzina lake linkakhala poyamba. Sanamve. Ababulo anabwera n'kutentha Kachisiyo. Koma taonani Danieli: ali ku ukapolo, kopanda guwa, kopanda nsembe, ankagwadabe katatu pa tsiku m'chipinda chake chapamwamba, mazenera ali otsegula kuloza ku Yerusalemu (Danieli 6:10). Nyumba inapsa, pemphero lake silinapse nayo.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti tizikhala kunyumba. Ahebri 10:25 amatichenjeza kuti tisaleke kusonkhana, ndipo nkhuni imodzi siipsetsa mphika. Inenso ndinabwerera mumpingo womwewo, ndimakhala pa benchi yomweyo, ndimagwirana chanza ndi akuluakulu omwe aja. Chimene chinasintha n'chakuti m'busa akapunthwa ndimamupempherera ngati munthu mnzanga, osagwa naye limodzi. Paja Paulo anauza Akorinto, amene ankadzitama kuti ena ndi a Paulo ena ndi a Apolo, kuti iye anangobzala, Apolo anathirira, koma wokulitsa ndi Mulungu (1 Akorinto 3:6).

Tsono inu amene mwadzuka ndi bala lochokera kutchalitchi, mwina anakunenerani miseche, mwina anakuchotsani paudindo popanda kukumvani, werengani Yohane 9 musanayambe ntchito lero. Munthu uja anabadwa wosaona, atachiritsidwa, atsogoleri achipembedzo anamunyoza n'kumutulutsa kunja. Makolo ake omwe anaopa kumuikira kumbuyo. Vesi 35 likuti Yesu atamva kuti amutulutsa, anamupeza, n'kumufunsa ngati akukhulupirira Mwana wa Munthu. Munthuyo anavomera kuti akukhulupirira, ndipo anamugwadira pomwepo, kunja komwe anamutayira kuja.

Tsitsani Baibulo pakabatipo, mulipukute fumbi. Ambuye akuyendereni lero.