Kumasula kalipa ya buleki imene yakakamira pa njinga yamoto yakale

Takulandirani owonera athu a kuno ku Ulongwe, a ku Tsangano, a ku Furancungo ndi a kumunsi ku Tete. Pa tebulo pathu lero pali njinga yamoto yakale ya Honda imene yakhala zaka zambiri osayenda, ndipo gudumu lake lakutsogolo likukana kuzungulira chifukwa kalipa ya buleki, chitsulo chimene chimapana disiki ya pa gudumu kuti njinga iime, yagwira disikiyo osaisiya. Njinga zazing'ono zambiri zimene zimanyamula anthu m'misika yathu zili ndi mabuleki a dilamu, choncho amakaniko ena akakumana ndi kalipa yotere amathamangira hamala, ndipo ndi pomwe chitsulo chosowa chimawonongekera.

Buleki ya disiki inafala pa njinga zamoto kuyambira mu 1969, pamene kampani ya Honda inatulutsa CB750. Mukafinya chogwirira cha buleki, pampu ya pachiwongolero imakankha mafuta kudzera m'paipi, mafutawo amakankha pisitoni ya m'kalipa, ndipo pisitoniyo imapanikiza mapadi pa disiki. Chimene anthu ambiri sachidziwa ndi chakuti mulibe sipuling'i yobwezera pisitoniyo. Imabwezedwa ndi mphete ya rabala imene imakhala m'kangalande kozungulira mkati mwa kalipa. Pisitoni ikamatuluka mpheteyo imapindika pang'ono, ndipo mukasiya chogwirira imawongoka n'kuikokera m'mbuyo mtunda wochepa kwambiri, wongokwanira kuti gudumu limasuke.

Chimene chimasokoneza zonsezi ndi madzi. Mafuta a mabuleki a mitundu yotchedwa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya chaka ndi chaka, ngakhale njinga itangoima m'nyumba. Madziwo amadya pisitoni yachitsulo, komanso amadya aluminiyamu ya kalipa m'kangalande kaja, kuseri kwa mphete, n'kusiyamo zoyera zolimba zonga mchere wouma. Zoyerazo zikachuluka zimatukula mphete, mpheteyo n'kufinya pisitoni mpaka singathe kubwerera. Pali vuto linanso. Mafuta atsopano a DOT 4 sawira asanafike madigiri 230, koma akayamwa madzi malire amenewo amatsika kufika cha pa madigiri 155. Munthu amene amatsika kuchokera kumapiri a Angónia kulowera ku Moatize m'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kwa ku Tete kumapyola madigiri 40, ayenera kudziwa kuti buleki yokhuza disiki njira yonse imatenthetsa mafuta akalewo mpaka kuwira, ndipo akawira chogwirira chimangofika pachiwongolero popanda kugwira kanthu.

Musanamasule chilichonse, tsimikizani kuti cholakwa chilidi m'kalipa. Tsegulani pang'ono kanati kotulutsira mpweya kamene kali pamwamba pa kalipa. Mafuta akatuluka mwamphamvu gudumu n'kumasuka, ndiye kuti pisitoni ilibe mlandu; mwina kabowo kakang'ono kobwezera mafuta m'pampu ya pachiwongolero katsekeka, kapena paipi ya rabala yafufuma mkati. Gudumu likakhalabe lolimba, ntchito ili m'kalipa. Kanati kameneka kamathyoka msanga, choncho kathirireni mafuta omasulira dzimbiri kunja kwake, kasiyeni usiku wonse, ndipo gwiritsani ntchito sipanala yogwira mbali zonse zisanu ndi imodzi.

Yang'ananinso ngati kalipa ikuyenda pa malo ake. Ya CB750 yakale ili ndi pisitoni imodzi ndipo imakhala pa mkono umene umazungulira pa bawuti. Makalipa ena amatsetsereka pa timapini tiwiri. Mkono kapena timapinito tikagwira dzimbiri, padi imodzi imatha msanga inzake ikadali yonenepa.

Tsopano tifike potulutsa pisitoni, pamene pamafunika kuleza mtima. Njira yabwino koposa ndi kugwiritsa ntchito buleki yeniyeniyo. Chotsani kalipa pa foloko koma paipi muisiye yolumikiza, chotsani mapadi, dzazani mafuta m'kathanki ka mafuta a buleki ka pa pampu ya pachiwongolero, kenaka finyani chogwirira mobwerezabwereza mpaka pisitoni itatuluka yokha. Ikani beseni pansi ndipo phimbani thanki ya petulo ndi nsalu, pakuti mafuta amenewa amasupula penti. Ngati kalipa yanu ili ndi mapisitoni awiri, imodzi imatsogola nthawi zonse. Itsekerezeni ndi kathabwa kuti mphamvu ipite kwa yotsalirayo, chifukwa imodzi ikangotulukiratu mphamvu yonse yathawa.

Pampu ikakhala yakufa, ena amapopera mpweya wa kompuresa pa bowo la paipi. Njira imeneyi imagwira, koma ine sindiikonda, chifukwa pisitoni imakhala chete kenaka n'kutuluka mwadzidzidzi ndi mphamvu yokwanira kuphwanya zala. Ngati mwasankha kutero, ikani thabwa ndi nsanza patsogolo pake, yambani ndi mpweya wochepa, ndipo dzanja lisakhale pamenepo ngakhale pang'ono. Pisitoni yokanika kotheratu imagonjera pampu ya girizi. Tsekani bowo la paipi ndi bawuti ya mazinga ofanana, lumikizani pampuyo pa kanati kotulutsira mpweya katatsegulidwa, ndipo popani pang'onopang'ono. Girizi safinyika monga mpweya, choncho pisitoni imatuluka mwakachetechete. Mtengo wake ndi wakuti pambuyo pake muyenera kutsuka girizi yenseyo m'tinjira tonse ta mkati, osasiyamo ndi kadontho komwe. Chimene musachite ndi kugwira kunja kwa pisitoni ndi pulayazi, popeza mano ake amasiya zipsera zimene zidzadula mphete yatsopano.

Onani mkatimu. Mphete yakale taichotsa ndi kamtengo kosongoka, ndipo zoyera zija zadzaza kangalande konse. Apa ndi pamene ntchito yeniyeni ili, ndipo amene amangosintha mphete osapala kangalandeka amapeza buleki itakakamiranso pasanapite nthawi. Palani ndi kansungwi kosongola, pulasitiki yolimba kapena waya wofewa wa mkuwa, kuzungulira konse mpaka m'ngodya, kufikira aluminiyamu itaoneka yoyera. Sikuludiraiva kapena msomali zimakanda kangalandeka, ndipo pokandikapo mafuta adzadontha. Fumbi la mapadi akale musalipemerere, lipukuteni ndi nsalu yonyowa, chifukwa mapadi a zaka zimenezo kawirikawiri anali ndi asibesitosi amene amawononga mapapo.

Pisitoni ipukuteni ndipo muiyang'ane padzuwa. Ngati yangothimbirira, itha kubwerera. Ngati chikhadabo chikukodwa m'timaenje pa mbali imene imadutsa pa mphete, itayeni, pakuti kuikwecha ndi sandipepa kumangoichepetsa. Muyeze kukula kwake musanapite kukafuna ina, ndipo mukapeza ya chitsulo chosachita dzimbiri, imeneyo ndiyo yoyenera njinga imene imakhalitsa osayenda.

Pa zotsukira, pamafunika kusamala kwenikweni. Rabala wa m'mabuleki amafufuma akakhudzana ndi petulo, dizilo, palafini, oyilo wa injini kapena girizi wamba. Tsukani ndi mankhwala otsukira mabuleki kapena sipiriti, umitsani bwino, ndipo pobwezera pakani mphete yatsopano ndi pisitoni mafuta a mabuleki atsopano, kapena girizi wofiira wopangidwira rabala. Pisitoni ilowe mowongoka ndi mphamvu ya zala zazikulu ziwiri zokha. Ikafuna hamala kapena vayisi, itulutseni, chifukwa mwina yapendekeka kapena kangalande sikanayere.

Bwezerani kalipa, ikani mawashala atsopano a kopa mbali zonse ziwiri za bawuti ya paipi, ndipo ngati paipi ya rabala ndi yomwe inabwera ndi njinga, isintheni. Thirani mafuta a mtundu umene walembedwa pa chivundikiro cha kathanki, ochokera m'botolo limene mwangolitsegula kumene. DOT 5 ndi ya silikoni ndipo siisakanizidwa ndi DOT 3 kapena DOT 4, ngakhale nambala zake zayandikana. Potulutsa mpweya, lumikizani kapaipi kooneka mkati pa kanati kaja, finyani chogwirira n'kuchigwira, tsegulani kanati, katsekeni, ndiyeno siyani chogwirira. Bwerezani mpaka thovu litatha, mukuonetsetsa kuti kathanki sikakuuma.

Disiki nayo muiyeze, pakuti kawirikawiri kunenepa kochepetsetsa kololedwa kumadindidwa pa disiki pomwepo. Kenaka tukulani gudumu, lizungulitseni, gwirani buleki n'kusiya. Liyenera kuzunguliranso mosavuta, mapadi akungokhudza pang'ono. Yesani njinga pa bwalo lopanda anthu, pa liwiro lochepa, ndipo mukayenda pang'ono osagwira buleki yakutsogolo, imani ndi yakumbuyo n'kuyandikiza dzanja pa disiki. Ikakhala yotentha, pisitoni sikubwererabe ndipo kalipa iyenera kutsegulidwanso. Ikakhala yozizira, lembani tsiku limene mwathira mafutawo, kuti mudzawasinthe pakatha zaka 2.