Alenje a pamadzi oundana anakasuma America

Zikomo amfumu, amayi ndi abambo. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Lero tipite kutali, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi kumene amati ku Arctic. Kumeneko nyanja imauma gwa ngati ayisi wa mufiriji, anthu nkumayenda pamwamba pake. A Inuit, anthu pafupifupi 180,000 okhala ku Alaska, Canada, Greenland ndi Chukotka ku Russia, ayisi ameneyu ndiye msewu wawo, ndiyenso dimba lawo, chifukwa chimanga sichimera kumeneko, ndiwo zawo zambiri ndi nsomba ndi nyama za m'nyanja.

Tsono kuyambira 1979 dera limeneli lakhala likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Ayisi akuchedwa kuuma, akauma ndi wopyapyala, mlenje akutsata njira yomwe anamusonyeza agogo ake mwadzidzidzi pansi phwa, iye ndi agalu ake okoka ngolo ali m'madzi. Taganizani njira ya kudimba yomwe mwayenda chibadwire ikumezeni.

Koma anthuwa sanangokhala nkumadandaula pakhomo ayi. Bungwe lawo la Inuit Circumpolar Council linayamba kalekale mu 1977, ndiye mu Disembala 2005 mtsogoleri wake, mayi Sheila Watt-Cloutier a ku Kuujjuaq ku Canada, anaimirira alenje ndi akuluakulu 62 nkukapereka dandaulo ku Inter-American Commission on Human Rights, komishoni yoona za ufulu wa anthu m'mayiko a ku America, kuti utsi wochokera ku United States, womwe ukutenthetsa dziko, ukuphwanya ufulu wawo wachibadwidwe. Apa mvetsetsani. Nthawi imeneyo nkhani ya kusintha kwa nyengo inali ya asayansi ndi zithunzi za zimbalangondo zoyera pa TV, ngati kumeneko kulibe anthu. Mayiwa anati ayi, iyi ndi nkhani ya chakudya, chikhalidwe ndi moyo wa ana athu. Komishoni ija inakana kuzenga mlanduwo mu 2006, inde, koma kenako inawaitana, mu Malichi 2007 nkukapereka umboni, ndipo ine ndimaona kuti mawu oti nyengo ndi ufulu wa anthu omwe timamva m'misonkhano masiku ano, mbali ina anachokera pamenepo.

Osati kuti zinayenda bwino zonse. Ku Arctic Council, bwalo lomwe mayiko a ku Arctic amakambirana za dera lawo, lomwe linakhazikitsidwa mu 1996, mabungwe 6 a eni nthaka ali ndi mipando yokhazikika, amayankhula, koma pomanga mfundo ndi maboma 8 okha. Mudzi wa Newtok ku Alaska nthaka yomwe inali youndana inasungunuka, mtsinje nkumadya gombe, anthu anasamukira ku Mertarvik, kusiya manda a makolo. A ku Kivalina, kamudzi ka anthu pafupifupi 400, anasumira kampani ya mafuta ya ExxonMobil ndi makampani ena mu 2008 kuti awalipirire msamuko, mlandu unatayidwa. Kamudziko kakadali pakachilumba pomwepo, angotchinga mafunde ndi miyala.