Kodi Mtumwi Paulo Ankazunzika ndi Chikumbumtima?

Moni owonera nonse. Lero tikukamba za munthu amene ankakokera amuna ndi akazi kundende chifukwa cha dzina la Yesu, kenako n'kukhala mlaliki wamkulu wa dzina lomwelo. Musachoke tisanafike pa mfundo yachitatu, chifukwa pamenepo tigwetsa nkhani imene ambiri timaimva kawirikawiri pa guwa.

Choyamba, mwachidule. Paulo anabadwira ku Tariso, m'dziko limene lero ndi Turkey, anali Mfarisi wa fuko la Benjamini, ndipo buku la Machitidwe limati anaphunzira kwa Gamaliyeli, mphunzitsi wa chilamulo, ku Yerusalemu. Anatembenuka panjira ya ku Damasiko pakati pa chaka cha 33 ndi cha 36 AD, ndipo mbiri ya mpingo imati anaphedwa ku Roma mu ulamuliro wa Nero. Hatchi imene amati anagwapo ija simupezeka m'Malemba; inatchuka ndi ojambula zithunzi monga Caravaggio.

Chachiwiri, mlandu wake unali weniweni. Pamene Stefano, mmodzi wa okhulupirira oyambirira, ankaponyedwa miyala, mboni zinavula malaya awo n'kuwasungiza kwa mnyamata Saulo, yemwe ndi Paulo yemweyu, ndipo iye anavomereza imfayo. Pambuyo pake ankalowa nyumba ndi nyumba kugwira okhulupirira, ndipo pa Machitidwe 26 akuvomera kuti ankawakakamiza kunyoza Khristu, ndi kuti akamaweruzidwa kuti aphedwe, iyenso ankagwirizana nazo. Pa Agalatiya 1:13 akulemba yekha kuti ankafuna kuuwonongeratu mpingo.

Ngati mukupindula ndi phunziroli, dinani batani la subscribe tsopano, chifukwa ambiri mwa inu mumangoonera osalembetsa.

Chachitatu, ndipo apa mundilole nditalikitse. Alaliki ambiri amati Saulo ankasowa tulo, nkhope ya Stefano ikumubwerera m'maganizo, ndipo anapita ku Damasiko mtima utasweka kale. Ulaliki woterewu umagwetsa misozi, koma ndikufunsani, owonera anga: zalembedwa pati? Tsegulani Afilipi 3:6. M'vesi limodzi lomwelo Paulo akunena kuti pa changu anali wozunza mpingo, ndipo pa chilungamo cha m'chilamulo anali wosalakwa. Kuzunzako akukuika pamndandanda wa zinthu zimene kale ankanyadira, pamodzi ndi mdulidwe wa tsiku lachisanu ndi chitatu ndi fuko lake. Munthu amene ankapita ku Damasiko ndi makalata a mkulu wa ansembe ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akutumikira Mulungu, ndipo kwa ine zimenezi n'zoopsa kuposa nkhani ya wosowa tulo ija.

Wina anena kuti, nanga Aroma 7, pamene akudandaula kuti chabwino chimene akufuna sachichita? Akatswiri akhala akutsutsana kwa zaka mazana ambiri za amene akulankhula m'ndimeyo, kaya ndi Paulo mwini, kaya Adamu, kaya munthu aliyense wokhala pansi pa chilamulo, ndipo mulimonsemo ndimeyo sitchula Stefano kapena kuzunza mpingo. Augustine, bishopu wakale wa ku Hippo, nayenso anasintha maganizo ake pa ndime imeneyi atakalamba. Martin Luther, woyambitsa Chipulotesitanti, amene analowa m'nyumba ya amonke ku Erfurt, ku Germany, mu 1505, ankatha maola ambiri akulapa machimo mpaka womumvera kutopa naye, ndipo atapeza mpumulo m'makalata a Paulo, mibadwo yotsatira inayamba kuganiza kuti Paulo nayenso anadwala nthenda ya Luther. Mu 1963 katswiri wa ku Sweden, Krister Stendahl, amene ankaphunzitsa ku Harvard, anatsutsa maganizo amenewa poyera, nati Paulo anali ndi chikumbumtima cholimba, ndipo Akhristu a ku Ulaya ndiwo anamuveka nkhawa zawo. Umboni ulipo: pa 1 Akorinto 4:4 Paulo akuti sadziwa kanthu komutsutsa mumtima, ngakhale akuwonjezera kuti womuweruza ndi Ambuye.

Musandimve molakwa, Paulo sanaiwale zimene anachita. Pa 1 Akorinto 15:9 akudzitcha wamng'ono mwa atumwi, wosayenera n'komwe kutchedwa mtumwi, ndipo chifukwa chake akuchitchula mosabisa: anazunza mpingo wa Mulungu. Koma vesi lotsatira lomwe akunena kuti anagwira ntchito kuposa atumwi onse, mwa chisomo. Mlanduwo akuuvomera, koma sakhalira kuulira. Mawu otchuka aja akuti iye ndi wochimwitsitsa ali pa 1 Timoteo 1:15, kalata imene akatswiri ambiri amati inalembedwa ndi wophunzira wake iye atamwalira. Amene mukutsutsa zimenezi, lembani maganizo anu m'munsimu, koma mubwere ndi vesi.

Chachinayi, amene sanaiwale msanga anali ozunzidwawo. Hananiya, wophunzira wa ku Damasiko, atauzidwa kuti akapempherere Saulo, anayamba wadandaula kaye za zoipa zimene anamva za munthuyo. Ku Yerusalemu ophunzira ankamuopa, osakhulupirira kuti watembenukadi, mpaka Barnaba anachita kumugwira dzanja kupita naye kwa atumwi. Ndipo pa Machitidwe 21, patapita zaka zoposa 20, Paulo akufika ku Kaisareya n'kugona masiku angapo m'nyumba ya Filipo. Filipo ameneyu anali mmodzi wa amuna 7 aja amene anasankhidwa pamodzi ndi Stefano kuti aziyang'anira chakudya cha akazi amasiye, ndipo anachoka ku Yerusalemu pa chizunzo chomwe chija chimene Saulo ankakolezera. Anamulandira mlendoyo pakhomo pamene panali ana ake aakazi 4 onenera. Sabata yamawa tidzakamba za Filipoyu payekha, choncho dinani kabelu kaja kuti vidiyoyo isakupiteni.