Mawu a m'mawa: "Kodi ifenso ndife akhungu?" (funso la Afarisi kwa Yesu, Yohane 9:40)

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo a ku Chibavi, Luwinga, Katoto, Zolozolo ndi nonse muli nafe pa gulupu pano. Kwazizira ndithu, koma tisanathamangire ku ntchito ndi ku geni tiyeni titsegule Yohane mutu 9, mavesi ake ndi 41 basi, tiyi asanazizire mukhala mutamaliza.

Nkhaniyi ambiri tinaimva ku Sande sukulu. Munthu wobadwa wosaona, wopemphapempha, Yesu walavulira pansi, wakanya thope, wampaka m'maso nkumuuza kuti pita ukasambe ku thamanda la Siloamu. Wapita, wasamba, wabwera akuona. Koma taonani izi, kuchiritsa kwenikweniko kwangotenga mavesi awiri, 6 ndi 7, pomwe kuyambira vesi 13 mpaka 34 ndi mlandu wokhawokha. Afarisi kumuitana, kumufunsa, kuitanitsa makolo ake, kumuitananso kachiwiri, ndipo m'mavesi onsewo simupeza mtsogoleri ngakhale mmodzi amene anamugwira chanza nkunena kuti tithokoze Mulungu mwana wathu wapenya. Chimene chinawavuta nchoti thopelo linakanyidwa tsiku la Sabata. Ena anayesako kufunsa kuti nanga munthu wochimwa angachite bwanji zizindikiro zotere, koma mawu awo anangomira.

Ndiye tisawaone Afarisi ngati zigawenga momwe timawaonetsera m'masewero a achinyamata aja ayi. Anali anthu opemphera, osala kudya kawiri pa sabata, opereka chakhumi mpaka cha timbewu ta m'dimba, malamulo a Mose ali pamtima. Akanakhala kuno bwenzi titawasankha ukulu wa mpingo chaka choyamba chomwe. Chinawatseka maso ndi mawu awo omwe, vesi 24 akuti ife tikudziwa kuti munthuyu ndi wochimwa, vesi 29 akuti ife tikudziwa kuti Mulungu analankhula ndi Mose. Tikudziwa, tikudziwa, mpaka Mulungu kuchita chinthu pamaso pawo iwo osachiona.

Amene mumayenda msewu wa Chikangawa m'mamawa nthawi ya chifunga mukundimva. Dalaivala wachilendo amayatsa nyali nkumayenda pang'onopang'ono, koma uja amati msewu uno ndimaudziwa olo nditatsinzina ndi amene amatipempheretsa mu minibasi, poti sali yekha, wanyamula miyoyo ya anthu. Ndi zimene Yesu ananena pa Mateyu 15:14, wakhungu akatsogolera wakhungu mnzake onse awiri agwa m'dzenje.

Chonde musathamangire kufowadira abusa anu uthengawu ngati kuti ndi wa iwo okha. Ngati ndinu dikoni, tcheya wa kwaya, mtsogoleri wa amayi kaya a Umanyano kaya a Mvano, mphunzitsi wa ana, ngakhale bambo kapena mayi pakhomo, pali anthu akuyenda pambuyo panu. Mnyamata amene ankagona kumowa wasiya, wabwera kudzachitira umboni, ife funso loyamba nkumati anakupempherera ndani, wa mpingo uti? Mayi amene anasowa zaka zambiri walimba mtima walowa m'tchalitchi, ife maso ali pa thalauza lake. Nkhani ya ndalama za chitukuko sikuyenda bwino, aliyense akudziwa, koma pa miting'i zii chifukwa amene angafunse atchedwa woukira. Makolo a munthu wobadwa wosaona uja nawonso anaopa choncho, vesi 22, mwana wawo yemwe wachira koma akuti mufunseni yekha ndi wamkulu, kuopa kuchotsedwa m'sunagoge. Anthu akayamba kuopa kunena zoona pamaso panu, musamati ndi ulemu.

Nanga kudzipereka kwa Mulungu nkutani? Saulo anali Mfarisi weniweni, wophunzira kwa Gamaliyele, ananyamuka ulendo wa ku Damasiko ndi makalata a mkulu wa ansembe m'manja, wotsimikiza kuti akugwira ntchito ya Mulungu. Machitidwe 9 akuti analowa mumzindamo atagwiridwa dzanja, masiku atatu osaona, osadya, osamwa. Ndipo Ambuye sanamutumizire mtumwi wamkulu wochokera ku Yerusalemu, anamutumizira Hananiya, wophunzira wamba, mmodzi mwa anthu omwe iye anabwera kudzawamanga. Munthu wamasukulu ngati Saulo kukhala pansi kudikira dzanja la Hananiya. Apa mpamene pamativuta ife, kuimba kuti ndadzipereka nkosavuta, koma kudzudzulidwa ndi mwana wa mu kwaya amene unamuphunzitsa wekha, kapena ndi akazi ako kunyumba, nkunena kuti mwina akunena zoona, eeh zimafunika chisomo.

Tipemphere. Ambuye Yesu, pamene tinati tikuona koma tisakuona, tikhululukireni. Maudindo athu, zaka zathu mu mpingo, mayunifomu athu, tikuziika pa mapazi anu. Mutipatse mtima womva ngakhale mutalankhula kudzera mwa wamng'ono. Tikupempherera abusa athu ndi akulu a mpingo mu Mzuzu muno kuti muwatsogolere ndinu. Ndipo amene anachoka m'tchalitchi chifukwa cha mawu athu, muwafunefune monga munamufunira munthu wochiritsidwa uja Afarisi atamutaya kunja, ndipo ife mutipatse mphamvu yokawapepesa. M'dzina la Yesu, Amen.